Adada Akuloza Ngalawa Yopanda Thanga

Aphungu,

Tsamba lanuli ndimaliwerenga mlungu uliwonse, ndipo nthawi zina ndimawaseka anthu okulemberani, n'kumati koma anthu ena mavuto amachita kuwaitana okha. Lero wagogoda ndine. Musandiseke kwambiri.

Ndine mayi wapabanja, ndimagwira ntchito m'boma ku Capital Hill, ndipo ndimakhala ku Area 43 ndi amuna anga a Paxton ndi ana athu. Kwathu ndi ku Mhuju, ku Rumphi. Nkhani yanga ndi ya bambo anga ondibereka, a Norman, amene ife ana awo timawatchula kuti adada. Pabanja pathu pali mkangano wakuti adada akhale kuno kwa ine kapena abwerere kumudzi. Maganizo a eni ake ndikuwadziwa ine ndekha, ndipo ndikuwabisa.

Adada anali mphunzitsi wa mbiri yakale ku sekondale, munthu wa pakamwa pake. Akaimirira m'tchalitchi kuti alengeze tsiku lokonza denga, anthu ankakhazikika bwino pa benchi, podziwa kuti nkhani iyambira kwa Yosefe ku Iguputo. Ndili mwana ankandijambulira mtsinje wa Nailo pansi ndi kamtengo, n'kumandiuza za mafumu amene ankayamba kumanga manda awo akadali anyamata. Mchimwene wanga wamng'ono Vitu ankathawa, ine ndinkakhala. Matenda okonda Iguputo ndinawatenga pamenepo, ndipo sanandichoke ngakhale ndinakathera m'ofesi ya mafaelo.

Chaka chatha adada anadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, mawu nawo anapita. Chitumbuka, Chichewa, ndi Chingerezi chija ankatizunza nacho patebulo, zonse zinapitira limodzi. Linatsala ndi liwu limodzi lokha, "yewo", lomwe kwathu ndi lothokozera. Ukawapatsa tiyi, yewo. Ukawapweteka powatembenuza, yewo. Zilembo nazo zinawasokonekera, nyuzipepala amangoyang'ana zithunzi. Amama anatisiya kalekale, choncho ndinawatenga kuti azikhala pafupi ndi chipatala ndi mafizo olimbitsa ziwalo. Tinalemba ntchito bambo wina wachikulire, a Jobu, amene amabwera wapansi kuchokera ku Kauma m'mawa uliwonse kudzawasambitsa, poti mwana wamkazi sasambitsa bambo ake.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Munthu amene sankatseka pakamwa ankangokhala duu pa chikuku, kuyang'ana mpanda. A kuchipatala anatipatsa chipepala cha zithunzi, kapu, mpira, bedi, chimbudzi, kuti akafuna kanthu aziloza. Adada anachiyang'ana kamodzi n'kuchikankhira pansi. Ndinawamvetsa. Mphunzitsi wamkulu ngati iwo, kuwapatsa zithunzi za ana a mkaka!

Nthawi yomweyo mnzanga wa kuntchito ananditsina khutu kuti pa intaneti pali maphunziro aulere a mayunivesite akunja, bola munthu akhale ndi bandulo. Chimene amalipiritsa ndi satifiketi yokha, koma ine satifiketi ya Afarao ndikaionetsa kwa yani ku Capital Hill? Ndinalembetsa maphunziro a mbiri ya Iguputo, kenako a kalembedwe kawo ka zithunzi. Ndinkafuna kupumitsako mutu basi. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde ndi laputopu, adada ali pambali kuwombedwa mphepo. Tsiku lina mphunzitsi wa pa kanemayo anaonetsa mapu a Nailo, ndipo ndinangomva gu gu gu, adada akumenya chikuku ndi dzanja lamanzere. Sanasiye mpaka ndinawatembenuzira laputopuyo. Kuyambira tsiku limenelo m'kalasi mwanga tinakhala awiri.

Pofuna kuloweza zizindikiro zija, ndinapempha makatoni a sopo pa shopu ya a Kantilal ku Old Town, kumene ndimagula katundu wa mwezi. Ndinawadula timakadi n'kumajambulapo. Madzi ndi mizere itatu yokhotakhota. Buledi amaoneka ngati banzi yodula pakati. Nyumba ndi kabokosi kosiya khomo, kuyenda ndi miyendo iwiri yopanda thupi. Loweruka lina ndikusanja timakadito, adada anatambasula dzanja, natenga ka madzi, naloza pakamwa. Aphungu, chidwalireni aka kanali koyamba kuti andipemphe kanthu. Ndinathamangira kukhitchini ngati ndapsa, madzi ena n'kutayikira m'njira, ndipo ndinalira osabisa. Zithunzi za kuchipatala anazikana, koma izi anazilandira, chifukwa izi ndi sukulu.

Tinayamba kucheza choncho. Miyendo ndiye kuti ndiwayendetse pabwalo. Ndikajambula mokhota amagwedeza mutu n'kundibwezera kadi kuti ndikonze, uphunzitsi sunathe. Alongo awo a Sellah, azakhali anga amene kwathu timati ankhazi, atabwera kudzazonda anapeza kadi ya kadzidzi pamiyendo pa adada n'kukuwa kuti, "Mwana iwe, munthu akudwala ukumupatsa mbalame ya maliro?" Ndinayesa kufotokoza kuti kwa Aiguputo kadzidzi ndi chilembo wamba, koma anaitaya kuseri kwa mpanda, n'kupemphera. Adada anaseka ndi theka la kamwa mpaka kutsokomola.

Ankhaziwo sanabwerere kuzonda kokha. Kwathu mwana wamkazi akakwatiwa ndi wa eni ake, ndipo bambo kudwalira m'nyumba ya mkamwini, mwinanso kutsirizikira momwemo, n'chinthu chochititsa manyazi mtundu wonse. Vitu, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, wakhala akuimba foni mosalekeza. "Asisi, anthu akutinena. Akuti a Norman alibe mwana wamwamuna? Nyumba yawo ilipo, ankhazi alipo, ine ndili pafupi. Tiwatenge." Ine ndinkamuyankha kuti anthu onenawo abwere adzachape zofunda kaye. A Paxton kwawo ndi ku Dedza, ndiye zimangowaseketsa. Amati, "Kwathu ine ndi amene ndikanakhala pakhomo pa apongozi. Vuto lili pati?" Munthu wabwino, koma saona kuti akalowa pabalaza adada amagwetsa nkhope n'kusiya kudya. Inenso ndinkachita ngati sindikuona.

Tsono imvani. Pa phunziro lina tinaphunzira kuti Nailo amayenda kulowera kumpoto, pamene mphepo imawomba kulowera kummwera. Choncho Aiguputo akafuna kulemba kuti munthu akupita kummwera ankajambula ngalawa yokweza thanga, chinsalu chija chogwira mphepo. Akafuna kulemba kuti akupita kumpoto ankajambula ngalawa yopanda thanga, yongotsata madzi. Zinandisangalatsa, ndipo ndinawafotokozera adada pang'onopang'ono m'Chitumbuka, iwo akugwedeza mutu. Ndinajambula ngalawa ziwirizo n'kuziika pa mulu wanga wolowezera, osati pa timakadi tawo tocheza.

Ankhazi atangochoka, ndinapeza adada akufukula mulu wangawo ndi dzanja lawo limodzi. Anatulutsa ngalawa yopanda thanga, naiika patebulo. Pambali pake anaikapo nyumba. Kenako anadzigunda pachifuwa n'kundiyang'ana m'maso. Ndinaseka monyengezera, ndikuti mwina asokoneza, ndipo ndinawasinthira ndi ya thanga ija. Anaikankha mpaka inagwa pansi, nabwezeretsa yawo. Kumpoto, kunyumba, ine. Sipanafunike womasulira. M'mawa mwake anachitanso chimodzimodzi, mkuja wakenso, kenako anayamba kuisunga kadiyo m'thumba la malaya.

Mwezi wathawu Vitu anabwera yekha. Titakhala pakhonde, adada ali pomwepo, anandifunsa kuti, "Inu mumati mumamvana nawo ndi timakatoni tanuti. Afunseni ndiye, akuti chiyani?" Ndinayankha m'maso muli gwa kuti, "Akuti ali bwino kuno." Kadi ija ndinali nditaichotsa kale m'malaya pochapa, ili m'chikwama changa cha kuntchito. Adada anapapasa m'thumba, napapasanso, n'kunena liwu lawo lija, "Yewo, yewo," mokweza. Vitu anamva ngati akuvomereza. Anawagwira dzanja n'kunyamuka ulendo wa ku Mzuzu.

Chimene chandilembetsa kalatayi chachitika Lamlungu lapitali. Tiyi anatayikira patebulo, ndipo ndisanabwere ndi kansalu ndinapeza adada akuviika chala m'tiyimo, akujambula. Ankajambula ndi dzanja lamanzere, koma ngalawa inaoneka bwinobwino, ndipo pamwamba pake panalibe kanthu. Sanandikalipire ndi maso. Anangondisisita pamkono, ngati ine ndi amene ndikudwala.

Zifukwa ndili nazo, ndipo si zabodza. Ku Mhuju chipatala chachikulu chili kutali, nthawi ya mvula msewu umavuta, mankhwala a BP sapezeka nthawi zonse. Ankhazi nawo ndi okalamba. Ndani kumeneko adzadziwe kuti mizere itatu ndi madzi? Koma kwa inu ndinene zoona. Ndinali nditataya bambo anga ali moyo, ndipo pakhonde paja ndawapezanso. Kuntchito ndine bwana wa ena, m'nyumba ndine mayi, koma laputopu ikatseguka ndimakhala mwana wa munthu. Ndimawakonda, Aphungu, ndipo ndikuopa kuti ndikawaperekeza kumudzi, ulendo wotsatira ndidzapita ndi nsalu yakuda. Chiyambire bodza lija phunziro lililonse limandiwawa, ndipo adada akumangoyang'ana mpanda ngati kale.

Kodi ndiulule kwa Vitu, ndiwataye? Kapena ndikhale chete, poti kuno n'kumene angakhale moyo wautali?

J.L.,
Area 43, Lilongwe

Mayi J.L.,

Sindikusekani ayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pa tiyi wotayika paja ndinavula magalasi. Mwachita chinthu chachikulu. Ambiri akadwazika kholo loti mawu anapita amangolidyetsa, kulisambitsa, n'kumalankhula za ilo lili pomwepo ngati kabati. Inu munapeza khomo pamene a chipatala anapeza khoma, ndipo munalipeza chifukwa mumawadziwa bambo anu, kunyada kwawo ndi zomwe. Zimenezo palibe angakulandeni.

Koma mwandifunsa funso, ndiye ndiyankha mosazungulira. Ululani. Kadi ija itulutseni m'chikwama lero lomwe, muibwezere m'thumba la malaya awo, ndipo muwauze kuti, "Adada, ndinamva, koma ndinachita mantha." Musadikire kuti mupeze mawu okoma. Munthu amene akujambula ndi tiyi akudziwa kale zonse, chimene akudikira n'chakuti muvomere kuti uthenga unafika.

Kenako muimbireni Vitu. Adzakalipa, mwina adzati munamupusitsa, ndipo pamenepo sadzakhala akunama. Mulekeni atulutse zakukhosi. Akamaliza mumuuze momveka kuti simukugonjera anthu onena a ku Mhuju. Nkhani ya mkamwini ndi manyazi a mtundu isakhale ndiyo yonyamulira munthu wodwala pa msewu wautali chonchija. Ngati bambo anu apite, apite chifukwa eni ake afuna. Akanaloza kuti akhala, bwenzi ndikukuuzani kuti mutseke geti, ankhazi alankhule mpaka atope.

Musanamange katundu, tsimikizani chimene akupempha. Sitiroko imasokoneza zambiri, ndipo inu nokha simungakhale womasulira ndi woweruza pa mlandu umene muli nawo mbali. Pitani nawo kwa amene amawaona kuchipatala, makamaka wodziwa za kulankhula ngati alipo, ndipo Vitu akhalepo. Mutenge zithunzi zenizeni, nyumba ya ku Mhuju, nyumba yanu, nkhope za abale, manda a mayi anu. "Kumpoto" ndi mawu aakulu. Mwina akufuna kukakhala mpaka kalekale. Mwina akufuna kukaona nthochi zawo, kukhala pa manda a mkazi wawo, kupemphera m'tchalitchi chawo, n'kubwerera. Simudziwa, chifukwa chiyambire simunawafunse funso lachiwiri. Munaopa loyamba.

Nkhawa zanu za chipatala ndi zenizeni, ndipo muzinene pamaso pawo, osati kuseri. Bambo anu ndi munthu wamkulu, mphunzitsi, ali ndi ufulu womva kuti kumudzi thandizo lidzachedwa, n'kusankhabe. Akasankha kupita, musangowatula ngati thumba la chimanga. Adokotala akulembereni mankhwala okwanira ndi tsiku lobwerera kudzaonedwa. Mudziwane ndi a chipatala chaching'ono chapafupi, mupeze makina oyezera BP ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito. Papezeke mwamuna wodalirika wowasambitsa ndi kuwachititsa mafizo, ndipo a Jobu akhoza kupita nanu masiku oyamba kukamuonetsa kagwiridwe kake. Vitu, amene akuti ali pafupi, anene pamaso pa abale masiku amene azipita, asathere pa foni. Yambani ndi ulendo woyesa nthawi ya chilimwe, misewu ili bwino, ndipo mugwirizane kuti zikavuta abwerera popanda wina kunena kuti wapambana.

Inuyo mutenge tchuthi mupite nawo. Mwafunsa kuti ndani adzadziwe kuti mizere itatu ndi madzi. Adzadziwa amene inu mudzamuphunzitse. Khalani pansi ndi ankhazi anu, ndi Vitu, ndi aliyense wa pakhomopo, muwaonetse kadi iliyonse bambo anu akuonerera, ndipo mudzaona mmene adzawongolere msana poona kalasi yadzaza. Ya kadzidzi yokha muisiye ku Lilongwe, tisayambitse zina. Kunena zoona, mayi, chinenero chodziwa anthu awiri okha n'chokoma, koma n'choopsa kwa amene alibe china. Inu mutadwala mawa, bambo anu adzapempha madzi kwa yani?

Maphunziro musasiye. Ndi anu, munawakonda musanadziwe kuti adzathandiza wina. Makanema ake ambiri amatheka kuwasunga mu foni, ndiye bambo anu muwasiyireko ena, ndipo Loweruka muziimba foni ya kanema, netiweki ikalola, muwaonetse zimene mwajambula kuti azikugwedezerani mutu. Sizidzafanana ndi pakhonde, sindikunamizani. Mudzawasowa, ndipo khonde lidzakula. A Paxton muwauze zonsezi, bodza lija ndi mantha omwe. Akuoneka munthu wa mtima wabwino amene sanauzidwe kuti apongozi ake amasiya kudya akamuona, ndipo ameneyo ndi amene adzakugwireni mukadzabwerako.

Za nsalu yakuda zija, sindingakulonjezeni kanthu. Mwina kuno angakhale nthawi yotalikirapo, mwina ayi, palibe akudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku amenewo ndi awo, ndipo mwana, ngakhale wokonda chotani, sangawasungire kholo lake m'chikwama.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulimvetse bwino. Tsiku lowafunsa pamaso pa anthu, lirani kaye kubafa, musambe m'maso, kenako mubwere. Mufunse kamodzi, momveka, ndipo musabwerezebwereze mpaka yankho litembenuke. Bambo anu amakukondani koposa mmene amakondera Mhuju. Akaona misozi yanu adzaloza nyumba yanu kuti mutonthole, abale onse adzavomereza, ndipo inu mudzapambana. Koma sitiroko inawalanda mawu kamodzi, mayi. Musakhale inu wowalanda kachiwiri.

Aphungu